Chibwenzi ku Japan: zimene zimasokoneza alendo

Kamtedza:
Moni nonse pagulu pano. Chaka chilichonse kumabwera anyamata atsopano kuno ku Japan, ena pa maphunziro olipiridwa ndi boma la Japan a MEXT, ena a ABE Initiative, ena pa ntchito, ndipo pakangotha miyezi itatu inayi madandaulo awo amafanana ngati anachita kugwirizana. Uyu akuti wapita kokadya ndi mtsikana kasanu konse, kenako mtsikanayo n'kumuuza kuti wapeza chibwenzi. Uyo akuti analandira chokoleti pa 14 Febuluwale, mtima n'kukhala m'malo, mawa lake n'kupeza kuti kalasi yonse yalandira. Winanso akuti zonse zinkayenda bwinobwino, kenako foni zii. M'malo moyankha mmodzimmodzi kumbali, inu amene mukudziwa fotokozani pano. Tisanyozane, ndipo eni dziko tisawanyoze.

Nachisale wa ku Osaka:
Ndiyambe ndi wodya kasanu uja, chifukwa mutu wa nkhani wagona pamenepo. Chibwenzi cha kuno chili ndi khomo lake lolowera, amalitcha kokuhaku, kutanthauza kuulula. Ndi kufunsira komwe kuja, kusiyana kwake ndi nthawi. Kwathu mnyamata amayamba ndi kufunsira, mtsikana n'kuti "ndikaganize kaye", kudziwana kwenikweni kumachitika chibwenzi chitayamba kale. Kuno kumayamba ndi kudziwana, kufunsira kumabwera pambuyo. Mpaka mawuwo atanenedwa ndi kuvomeredwa, anthu awiri aja ndi odziwana chabe, ngakhale atadyera limodzi kangati. Mtsikana amene wauza mnyamata kuti wapeza chibwenzi sanamunamize. Anadikira mawu, mawu osabwera, wina n'kuwanena.

Mawu ake ndi aafupi: "Suki desu. Tsukiatte kudasai." Ndiko kuti, ndakukondani, chonde tikhale pa chibwenzi. Mawu achiwiriwo ndiwo ofunika kwambiri. Kungonena "suki desu" n'kusiyira pomwepo kumamusiya munthu m'malere, chifukwa liwu lomwelo amalinenanso pa mpunga ndi pa galu.

Ambiri amayembekeza mawuwa pa ulendo wachitatu. Kayendedwe kake kamakhala motere. Koyamba mukumane masana, khofi kapena nkhomaliro, ola limodzi kapena awiri, n'kubalalika nkhani zisanathe. Kachiwiri chakudya chamadzulo, kapena malo oonera nsomba, kapena kanema. Kachitatu theka la tsiku, ndipo mawu anenedwe kumapeto, pamalo opanda phokoso, musanafike pa siteshoni. Osati pa foni, osatinso mutamwa. Mukafulumira n'kunena tsiku loyamba lomwe amakutchulani charai, munthu wopepuka wachimasomaso. Mukachedwa mpaka kachisanu, mwalembedwa kale m'kaundula wa anzake.

Chimtali:
Achemwali, nanga yankho ungalidziwe bwanji? Paja anthuwa sanena "ayi" poyera.

Nachisale wa ku Osaka:
Pa kokuhaku pokha ndiye amayankha zomveka. "Yoroshiku onegai shimasu" ndiye kuti wavomera, ndipo tsikulo mulilembe, chifukwa ndi limene adzawerengere mwezi woyamba ndi chaka choyamba. "Gomennasai", pepani, ndi ayi. "Tomodachi de itai", tikhale abwenzi wamba, ndi ayi yemweyo wovala jekete. "Kangaesasete", ndiganize kaye, ndi yankho loona: mpatseni sabata yathunthu osamufunsanso.

aPhiri a ku Saitama:
Apa mundilole ndikhalepo nthawi, chifukwa ndi pamene munthu wakwathu angagwe m'mavuto aakulu. Tinaleredwa kuti "ayi" woyamba ndi kunyada chabe, mwamuna weniweni amalimbikira, amadikirira pa njira ya kumjigo mpaka mtsikana afewe. Kuno khalidwe limenelo lili ndi dzina m'malamulo. Lamulo loletsa kulondalonda munthu linakhazikitsidwa mu 2000, pambuyo pa kuphedwa kwa mtsikana wa pa yunivesite ku Okegawa, mu Saitama momwemuno, mu 1999. Analikulitsa mu 2013 kuti likhudze maimelo, mu 2016 mauthenga a pa masamba a mchezo, mu 2021 kulondola munthu ndi GPS. Kumudikirira pa siteshoni, kuzungulira pafupi ndi nyumba yake kapena kuntchito kwake, kutumiza mauthenga motsatizana iye atakana kale, kukakamira kuti mukumane, zonsezi zili pa mndandanda. Apolisi amayamba ndi chenjezo, kenako chiletso. Chilango chake chimafika chaka chimodzi m'ndende kapena chindapusa cha ma yen 1 miliyoni, ndipo wopitiriza ataletsedwa kale, zaka ziwiri kapena ma yen 2 miliyoni. Mlendo ali ndi vuto lachiwiri pamwamba pake, chifukwa a imigireshoni amayang'ana khalidwe powonjezera viza.

Ndiye muyenera kumudziwa "ayi" wa tsiku ndi tsiku, amene satchulidwa ndi dzina lake. Mukaitana munthu n'kuyankha "sono hi wa chotto", tsiku limenelo pang'ono, mawu n'kuthera m'malere, wakana. "Mata kondo", tsiku lina, popanda kutchula tsikulo, wakana. "Saikin isogashikute", ndatanganidwa masiku ano, wakana mwaulemu. Muyeso wake ndi umodzi: wofuna amatchula yekha tsiku lina. Akati Loweruka sindingathe koma Lachitatu ndilipo, pitirizani. Mukaitana kawiri, kawiri konse osakupatsani tsiku, siyani.

Palinso mawu amene amawatcha shakō jirei, mawu ongokometsera kutsanzikana. "Tidzapite kokadya limodzi" ponyamuka kuli ngati "mudzatipeze" wa kwathu. Palibe amene amapha nkhuku chifukwa cha mawu amenewo.

Namondwe:
Zoona, aPhiri, koma pena pake tisawasandutse amayi a ku Japan ngati munthu mmodzi. Wa zaka 22 wa ku Osaka amene amakuseka pamaso ndi wa zaka 35 wogwira ntchito mu banki ku Tokyo sayankhula mofanana. Amene anakhalako kunja kapena amayankhula Chingerezi kwambiri nthawi zina za kokuhaku alibe nazo ntchito. Alipo amene amafunsira okha mwamuna. Ngati simukudziwa pamene muli, kufunsa molunjika sikulakwa: "kodi ife tili pa chibwenzi?" Funso limeneli ngakhale eni dziko amafunsana.

aPhiri a ku Saitama:
Sindikukana. Koma pa nkhani ya kukana, ndi bwino mlendo alakwe posiya msanga kusiyana ndi kulakwa polimbikira.

Mlongoti:
Ine ndiyankhe za foni yongoti zii. Kuno anthu sapatsana nambala, amapatsana LINE, app yolemberana mauthenga ngati WhatsApp, imene inayamba mu 2011. Uthenga ukawerengedwa pamatuluka chilembo choti kidoku. Kuwerenga osayankha amati kidoku surū, ndipo eni dzikonso zimawasowetsa tulo. Koma muyang'ane kaye ntchito ya munthuyo. Wogwira mu kampani amatha kutuluka 9 koloko usiku, n'kukwera sitima ola lathunthu, ndipo foni yake saigwira pa ntchito. Yankho lobwera patatha maola khumi si chipongwe. Chimene chimaononga ndi zathu zija za "mwadzuka bwanji", "mwadya", "mukutani", "bwanji simukuyankha", zinayi zisanakwane 12 koloko. Munthu wotero amamutcha omoi, wolemera, ndipo ndi chifukwa chokwanira chothetsera nkhani. Kuimba foni ya kanema mosapangana ndiye kumaopsa anthu. Pa sitima sayankha foni n'komwe.

Njira yabwino ndi kutengera iye. Akalemba mizere iwiri, lembani iwiri. Akayankha kamodzi pa tsiku, inunso kamodzi. Mukabalalika, tumizani uthenga umodzi usiku womwewo wothokoza, wotchula chinthu chimodzi chimene chinakusangalatsani. Ndipo musadabwe kuti ngakhale chibwenzi chitayamba, kukumana kamodzi pa sabata kapena kawiri pa mwezi amakuona ngati kokwanira.

Tsopano mayankho akayamba kufupika, kenako chithunzi choseka chokha, kenako zii kwa masabata awiri, chibwenzi chatha. Amati shizen shōmetsu, kuzimirira kokha ngati moto wosasonkhezera. Ambiri amaona kuti kutero n'kopepuka kusiyana ndi kukhala pansi n'kukangana. Ndi zowawa, ndipo kwa ine si khalidwe labwino, koma musapite kukafunsa kunyumba kwake. Mwamva zimene anena aPhiri.

Chimtali:
Nanga chokoleti chija?

Nangozo:
Pa 14 Febuluwale kuno amene amapereka ndi akazi. Chokoleti chili mitundu. Giri choko ndi chaulemu chabe, chopatsa abwana ndi anzako a kuntchito, chotchipa, cha ma yen mazana angapo, ndipo aliyense amalandira chofanana, nthawi zina pagulu. Tomo choko ndi cha pakati pa atsikana okhaokha. Honmei choko ndiye chenichenicho: chodula cha m'sitolo zazikulu kapena chopanga yekha kunyumba, chokulungidwa mwapadera, choperekedwa muli awiri, mwina ndi kakalata. Musanasangalale, yang'anani pa desiki ya mnzanu. M'makampani ambiri mwambo wa giri choko ukuchepa, ena anachita kuuletsa.

Ngongole yake imabwezedwa pa 14 Malichi, tsiku lotchedwa White Day, limene analiyambitsa ndi ogulitsa maswiti. Ngakhale cholandira chinali chaulemu chabe, mubweze. Pali mawu akale oti sanbai gaeshi, kubweza katatu, koma masiku ano mtengo wofanana kapena woposerapo pang'ono ndi wokwanira pa giri choko. Kuiwala White Day mutalandira honmei ndiye kuti mwakana.

Tsiku lina limene alendo achikhristu amalakwitsa ndi 24 Disembala. Kwathu ndi tsiku la mpingo ndi banja. Kuno ndi usiku wa zibwenzi, malesitilanti abwino amadzaza kukadali masabata angapo, ndipo kuitana mtsikana tsiku limenelo kuli ngati kufunsira. Mukakhala ndi chibwenzi koma mukufuna kupita ku mapemphero, nenani mu Novembala momwe. Chaka chatsopano ndi Obon, mwambo wokumbukira makolo akale wa pakati pa Ogasiti, ndiye nthawi za banja. Akapita kwawo osakutengani musakhumudwe.

Kamtedza:
Wina wandilembera kumbali kuti anafunsidwa gulu la magazi ake tsiku loyamba, n'kuganiza kuti akumukayikira matenda.

Nangozo:
Ayi ndithu, alibe mlandu! Ndi chikhulupiriro choti gulu la magazi limasonyeza khalidwe. Anayambitsa nkhaniyi ndi mphunzitsi wina dzina lake Furukawa Takeji mu 1927, ndipo inatchuka kwambiri m'zaka za m'ma 1970. Akuti A ndi wosamala ndi wodandaula msanga, O ndi womasuka wosasamala tinthu tating'ono, B ndi wodzikonda wochita zake, AB ndi wosamvetsetseka. Mwa anthu khumi a ku Japan, pafupifupi anayi ndi A, atatu O, awiri B, mmodzi AB. Sayansi sinapeze umboni uliwonse, ndipo ambiri amangocheza nazo. Koma mukayankha kuti simudziwa gulu lanu amadabwa kwambiri. Kafunso kena kodabwitsa ndi kuyamikira kuti nkhope yanu ndi yaing'ono kapena mphuno ndi yaitali. Sakukusekani, akukuyamikirani.

Mlongoti:
Za ndalama. Funso la amene alipire ngakhale eni dziko amakangana nalo pa intaneti chaka ndi chaka. Ophunzira ndi achinyamata ambiri amagawana, amati warikan. Tsiku loyamba amuna ambiri amalipira zonse kapena mbali yaikulu, mwachitsanzo pa ma yen 7,000 mwamuna 5,000 mkazi 2,000. Mtsikana amatulutsa chikwama chake. Kanani kamodzi. Akalimbikira kachiwiri, landirani, kapena nenani kuti iye adzalipire khofi wa pambuyo pake. Ena amalimbikira kulipira theka lenileni kuti pasakhale ngongole, ndipo nthawi zina chimenecho n'chizindikiro choti ulendo wachiwiri kulibe.

Kulipira kumachitikira pa kauntala potuluka, ndipo ndalama yoyamikira woperekera zakudya kulibe. Mu izakaya, malo omwera mowa ndi kudyera, amakubweretserani kambale kamene simunaitanitse, otōshi, ka ma yen 300 mpaka 500 munthu mmodzi. Sanakuberani, ndi mtengo wa mpando. Alendo ambiri amakangana nako pamaso pa mtsikana, manyazi n'kugwira iye.

Nthawi: mukapangana 7 koloko, fikani kutatsala mphindi zisanu kapena khumi. Mukaona kuti muchedwa ngakhale ndi mphindi zisanu, lembani nthawiyo isanakwane. Musanene kuti "tikumane ku Shinjuku", siteshoni ya ku Tokyo imeneyo ili ndi makomo oposa 200. Tchulani khomo ndi chizindikiro. Pa chiboliboli cha galu Hachikō ku Shibuya aliyense amadikirira pomwepo, Loweruka madzulo mutha kusowana muli pafupi. Perefyumu wambiri muchepetse, makamaka kodyera sushi. Kugwirana manja mumsewu kulibe vuto chibwenzi chikayamba, koma kupsompsonana pa sitima ayi, ndipo kukumbatira popatsana moni kumamuumitsa thupi munthu.

Namondwe:
Muonjezerepo mayina. Poyamba ndi dzina la bambo ndi "san". Kusamukira ku dzina lake lenileni ndi sitepe, ndipo mumapempha. Kuchotsa "san" amati yobisute, ndi za anthu oyandikana kwambiri. Chijapanizi chophunzira m'makatuni chimaika anthu m'mavuto: kutchula mtsikana kuti "omae" kuli ngati kunena "iwe" kwa apongozi. Liwu loti "aishiteru" ndi lolemera kwambiri, alipo okwatirana amene sanalinenepo. "Daisuki" ndi lokwanira.

aPhiri a ku Saitama:
Nkhani ya sitima yomaliza, shūden. M'mizinda ikuluikulu sitima zimatha cha m'ma 12 koloko usiku, n'kudzayambanso cha m'ma 5 m'mawa. Takisi imakwera mtengo ndi 20 peresenti kuyambira 10 koloko usiku mpaka 5 m'mawa, ndipo amene amakhala kunja kwa mzinda atha kulipira ma yen opitirira 10,000. Choncho mtsikana akayamba kuyang'ana foni cha m'ma 11, sikuti watopa nanu. Mwamuna wanzeru amafunsa yekha nthawi ya sitima yake n'kumuperekeza mpaka pa geti. Atsikana ambiri amakhala ndi makolo mpaka kukwatiwa, ena ali ndi nthawi yofikira pakhomo, mongen. Okhala okha safuna kuti munthu wachilendo adziwe nyumba yawo, ndiye kukakamira kumufikitsa pakhomo kumaopsa m'malo mokondweretsa.

Ndipo kuphonya sitima si chilolezo. Kulowa m'nyumba mwanu si chilolezo. Mu Julayi 2023 lamulo la milandu yogonana linasintha. Tsopano mlandu ndi kugona ndi munthu amene sakanatha kukana kapena kuonetsa kukana kwake, ndipo lamulo likutchula mowa, mantha, kudzidzimutsidwa ndi kugwiritsa ntchito udindo. Chilango chimayambira zaka zisanu. Msinkhu wovomereza anaukweza kuchoka pa 13 kufika pa 16, koma malamulo a zigawo amateteza aliyense wosakwana 18. Mowa umaloledwa kuyambira zaka 20, ngakhale kuti kuyambira Epulo 2022 munthu amatengedwa wamkulu pa 18. Izi aphunzitsi a Chingerezi ndi amene ali m'mayunivesite azisunge bwino.

Chimtali:
Kodi anthu amakumana kuti? Kuimitsa munthu mumsewu kumatheka?

Mlongoti:
Kumatchedwa nanpa, ndipo ambiri sakuyang'anani n'komwe. Njira zodziwika ndi kusukulu, kuntchito, kudzera mwa anzanu, gōkon ndi ma app. Gōkon ndi phwando la amuna atatu kapena anayi ndi akazi ochuluka chimodzimodzi, loitanidwa ndi mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi odziwana. Limatenga maola awiri, amuna amalipira zochulukirapo, ndipo pomaliza gulu lonse limapatsana LINE. Kukakamira mtsikana mmodzi usiku wonse kumaononga phwando la anzanu.

Pa ma app monga Pairs, Omiai, With ndi Tapple amuna amalipira pa mwezi, akazi kawirikawiri ndi ulele. Lamulo limafuna chiphaso chotsimikiza kuti mwakwana zaka 18. Ambiri a pa Omiai akufuna banja, osati kungocheza. Boma la mzinda wa Tokyo linatsegula yakeyake mu 2024, Tokyo Enmusubi, yofuna kalata yotsimikiza kuti simuli pabanja, umboni wa malipiro ndi kufunsidwa mafunso.

Misampha ilipo itatu. Woyamba ndi bala. Mtsikana wa pa app amasankha yekha malo, kawirikawiri ku Kabukichō, dera la mabala ku Tokyo, m'nyumba yosanja yopanda chikwangwani. Amakuuzani kuti kumwa mmene mungathere ndi ma yen 5,000. Kenako amayambitsa masewera oti wolephera amwe tot, ndipo matotiwo sali mu mtengo uja. Bilu imabwera ya ma yen mazana a masauzande, mtsikana wazimirira, anyamata a pabalapo n'kukuperekezani ku ATM. Mankhwala ake ndi kusankha malo nokha tsiku loyamba, masana. Zikakuchitikirani imbani 110 kapena limbikirani kuti mupitire limodzi ku kōban, kapolisi ka pafupi. Wachiwiri ndi malonda: pa ulendo wachiwiri pamabwera "mkulu amene amamulemekeza", nkhani n'kusanduka bizinesi yolembetsa anzanu kapena kugula zodula. Mukasaina, lamulo limakupatsani masiku 8 othetsera mgwirizano pa malonda oitanira munthu, ndi masiku 20 pa bizinesi yolembetsana. Nambala ya foni yodandaulirako ogula ndi 188. Wachitatu ndi wokuitanirani ku chipembedzo chake kudzera pa khofi.

Pali chinanso chosakhala chinyengo koma chimawawa: kusandutsidwa mphunzitsi wa Chingerezi waulele. Chizindikiro chake, akubwera ndi kope, ndipo mukayankhula Chijapanizi nkhope imagwa. Alipo enanso okonda mlendo chifukwa ndi mlendo basi, amene amakufunsani za nyimbo za ku America mutawauza kale katatu kuti ndinu wa ku Dedza.

Namondwe:
Mbali inayo iliponso, achimwene. Alendo ofuna "Mjapanizi aliyense" chifukwa cha viza kapena maloto oti ndi ofatsa osayankha, atsikana amawazindikira msanga. Ofatsa aja ndi amene amasunga chikwama cha pabanja.

Nachisale wa ku Osaka:
Mwaitchula nkhani yabwino. M'mabanja ambiri malipiro onse amasunga ndi mkazi, mwamuna n'kumalandira okozukai, ndalama ya m'thumba, imene kwa ogwira m'makampani imakhala pafupifupi ma yen 40,000 pa mwezi, nkhomaliro momwemo. Mabanja amene onse akugwira ntchito ambiri amagawana mwanjira zina, koma mwambowu ukadalipo. Kwa munthu wakwathu vuto limabuka pa ndalama zotumiza kumudzi: fizi ya ang'ono anu, feteleza, maliro. Kuno banja ndi mwamuna, mkazi ndi ana, ndipo kulipirira mwana wa mlongo wanu sukulu n'kwachilendo. Nenani chiwerengero chenicheni musanakwatirane, mwezi uliwonse zakuti, pa chaka zakuti. Zikadziwika mochedwa amaziona ngati munabisa ngongole.

Za makolo. Kusakutengerani kwa makolo ake kwa chaka chathunthu sikutanthauza kuti akuchita nanu manyazi. Kuonekera kwa makolo kuno kuli ngati kutumiza ankhoswe. Tsikulo likafika valani suti, mufike pa nthawi yake, jasi muvulire panja musanagogode, nsapato muzitembenuze ziloze kukhomo, mukhale malo a pafupi ndi khomo mpaka atakuuzani kusuntha. Mphatso, temiyage, ikhale ya ma yen 3,000 mpaka 5,000, muitulutse m'chikwama cha pepala n'kuipereka ndi manja awiri mutatha kulonjerana. Musawatchule "otōsan", kutanthauza bambo, mwachindunji, nenani "bambo ake a uje". Mwana wawo mumutchule ndi "san". Timitengo todyera musatiimike mu mpunga kapena kupatsirana chakudya ndi ito, zonsezi ndi za pamaliro. Mafunso awo ndi atatu: ntchito yanu, viza yanu, ndi ngati mudzamutenge mwana wawo kupita naye ku Africa. Lachitatulo ndilo limawasowetsa tulo, makamaka ngati mwanayo ndi mmodzi yekha. Pamenepo ena amapempha kuti mwamuna alowe m'banja lawo, chinthu chimene ife a chikamwini sitingadabwe nacho. Dzina la Malawi ena amalidziwa, chifukwa achinyamata odzipereka a JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza maiko ena, akhala akupita kwathu kuyambira 1971.

Kamtedza:
Nanga amene anasiya akazi kumudzi? Tinene poyera, alipo.

aPhiri a ku Saitama:
Alipo, ndipo amve. Lamulo la maukwati la ku Malawi la 2015 limazindikira ukwati wa chikhalidwe, ndiye amene anachita chinkhoswe ndi wokwatira. Japan salola mitala. Kunamiza mkazi kuti simuli pabanja n'cholinga chogona naye kutha kukufikitsani kukhoti, iye n'kufuna chipukutamisozi, isharyō. Chimodzimodzi mukayenda ndi mkazi wa mwini mukudziwa: mwamuna wake atha kukusumirani inuyo.

Kwa osakwatira enieni, ukwati wa kuno ndi pepala. Mwambo wa mu tchalitchi kapena mu hotelo ulibe mphamvu ya lamulo. Mumalemba kon'in todoke, fomu yolembetsa ukwati, n'kukapereka ku ofesi ya mzinda, ndi mboni ziwiri za zaka 18 kapena kuposa. Mlendo amafunika pasipoti ndi kalata yotsimikiza kuti malamulo a kwawo akumulola kukwatira, yomasuliridwa m'Chijapanizi, womasulira alembepo dzina lake. Yambani mwafunsa ku ofesi ya mzinda wanu chimene akufuna, kenako ku ofesi ya kazembe ku Tokyo, chifukwa zikalata zochokera kumudzi zimatenga nthawi. Mjapanizi wokwatiwa ndi mlendo dzina lake silisintha lokha. Akafuna lanu apereke chidziwitso isanathe miyezi 6, akachedwa nkhani imapita ku khoti la mabanja.

Viza ya pabanja sibwera yokha ndi ukwati. Mumapempha padera, ndipo pali fomu yofunsa tsiku limene munakumana, malo ake, chiyankhulo chimene mumayankhulana, ndi achibale amene akudziwa za ukwatiwo. Amafuna zithunzi ndi mauthenga, ndiye LINE ija musamafufute. Imaperekedwa ya miyezi 6, chaka chimodzi, zitatu kapena zisanu.

Nangozo:
Chimodzi chimene alendo ambiri amachidziwa mochedwa. Maukwati pafupifupi asanu ndi anayi mwa khumi amene amatha kuno amatha popanda khoti, ndi pepala limodzi losainidwa ndi onse awiri. Musasaine pepala la m'Chijapanizi limene simunaliwerenge, makamaka lobiriwira, chifukwa ndilo la chisudzulo. Ngati banja lavuta ndipo mukuopa kuti pepalalo lingaperekedwe inu osadziwa, pitani ku ofesi ya mzinda ndi chiphaso chanu mukalembe fujuri mōshide, pempho loti asalilandire. Ndi ulele, ndipo ofesi silandira chisudzulo mpaka mutabwera nokha. Ukwati ukatha, a imigireshoni muwauze asanathe masiku 14. Pa za ana, Japan analowa mu pangano la ku Hague lokhudza kuthawitsa ana kunja kwa dziko mu 2014, ndiye kutenga mwana kupita naye kunja mnzanu asanavomere ndi nkhani yaikulu. Mu Meyi 2024 nyumba ya malamulo inavomereza kuti makolo osudzulana azitha kukhala ndi ulamuliro pa ana onse awiri, pomwe kale unkapita kwa mmodzi yekha.

Chimtali:
Mwatifikitsa kuchisudzulo pomwe ena sitinafike ulendo wachitatu womwe. Funso laling'ono: mnzathu wina akuti mtsikana anakana kukwera bwato pa dziwe la Inokashira ku Tokyo, osanena chifukwa.

Namondwe:
Ameneyo asangalale. Pali nthano yoti zibwenzi zokwera bwato pa dziwe limenelo zimatha, chifukwa mulungu wamkazi wa pamenepo, Benzaiten, ndi wansanje. Wokana kukwera ndiye kuti sakufuna kuti chithe. Mphatso nazonso zili ndi zake: chipeso ayi, chifukwa dzina lake kushi limamveka ngati kuvutika ndi imfa, zinthu zinayi ayi, maluwa a kiku ndi a kumanda.

Nachisale wa ku Osaka:
Ndibwerereko pa temiyage, wina wafunsa ngati angapereke za kwathu. Zimatheka, ndipo zimatsegula nkhani. Tiyi wa ku Thyolo kapena khofi wa ku Mzuzu wokazinga kale, wa m'paketi yotseka, amalowa pa bwalo la ndege popanda vuto. Nyama yamtundu uliwonse, ngakhale youma, musayerekeze, ndi zipatso zaziwisi chimodzimodzi. Koma tiyiyo apite pamodzi ndi bokosi la makeke a m'sitolo yodziwika, okulungidwa limodzilimodzi kuti agawike popanda mpeni, chifukwa akuluakulu ena sakonda mphatso yochita kudulidwa ndi mpeni kapena yosweka pa tsiku lokamba za ukwati. Ndipo mumufunse kaye mtsikanayo ngati bambo ake ali ndi shuga.